Chikwama cha a Kamtedza Chidikira Mlendo Wolemekezeka

M'mudzi wina wa m'mbali mwa mtsinje, umene dzina lake tilibise poti tili ndi achibale kumeneko, munkakhala a Kamtedza, Wapampando Wamuyaya wa Komiti Yokonzekera Ngozi Zogwa Mwadzidzidzi. Mamembala anali awiri: iwowo ndi akazi awo, a Nanzunga, amene sanauzidwe n'komwe.

Madzi osefukira atawalawitsa kamodzi, a Kamtedza anagula chikwama chachikulu n'kuyamba kulongedza. Munalowa tochi, machesi okulunga m'jumbo, makaka, mtedza wokazinga ndi mankhwala othira m'madzi akumwa. Sabata iliyonse ankachikonzanso. Anawonjezeramo tayi, poti munthu sungadziwe, mwina ukapulumukira pamaso pa atolankhani. Pomaliza anatenga mankhwala a mphumu a akazi awo, botolo limodzi lokhalo lomwe linali m'nyumbamo, n'kuponyamo, n'kumanga chikwamacho ndi riboni wofiira.

"Nanga chifuwachi chikandigwira?" anafunsa a Nanzunga.

"Mayi, chitukuko sachitsegula chisawawa," anayankha a Kamtedza. "Mjigo wathu tinauyang'ana miyezi itatu tikumwa zithaphwi. Pamafunika mlendo wolemekezeka ndi sizasi."

Madzi anabweradi Lachiwiri masana, osatsogoza ndi kalata yomwe. Mudzi wonse unathawira kuphiri, a Kamtedza patsogolo, chikwama pamutu, madzi m'chiuno, akumwetulira ngati mkwati. Kuphiriko ana ankalira njala, a Nanzunga chifuwa chili fwiii, fwiii. Wapampando sanakhale chete ayi, abale. Anakonza ndondomeko ya mwambo: pemphero, gule wa amayi, mawu olonjera, kenako kudula riboni.

Tsiku lachitatu bwato la injini linakocheza, munatuluka Wachiwiri kwa Wothandizira Mkulu Woyang'anira Kukonzekera, pamodzi ndi mlembi wawo. Nthungululu zinamveka, zanjala koma zinamveka. Bwanayo anazungulira chikwama kawiri manja ali kumbuyo.

"Alipo wachitsegulapo?"

"Palibe, bwana. Ngakhale mayi akubanikawa sanachikhudze."

Bwana anagwedeza mutu mokhutira. "Ndayenda midzi yambiri, koma chikwama chotere sindinachione. Kuchitsegula n'kuchiwononga. Tichitenga, tikachionetse kumsonkhano kutauni kuti ena aphunzire."

A Kamtedza anachinyamula okha mpaka m'bwato, misozi yachisangalalo ili mbwee. A Nanzunga anatsegula pakamwa kuti atukwane, koma mpweya unangokwanira kutsokomola. Mlembi anawayang'ana, n'kulemba mu lipoti kuti mayi wina analephera kuyankhula chifukwa cha chimwemwe.