Thirakitala Yokhotera kwa Apongozi

Lolemba
Abwana avomera! Lamulungu nditenga thirakitala yaing'ono ya pa esiteti, ndikatule njerwa zanga ku Kapichi, kwawo kwa mkazi wanga, ndimange nyumba. Zaka zonsezi ndikugona m'kanyumba kodontha kuseri kwa apongozi, iwo n'kumauza anthu kuti mkamwini wawo amangodziwa kuliza hutala. Aona. Vuto ndi limodzi: ndikaponda mabuleki, thirakitala ikuthawira kumanja. Abwana akuti ikonzedwe kaye.

Lachiwiri
A Namakhwa, makaniko wathu, mkulu wa mpingo wopemphera Loweruka, akuti wolakwa ndine. "Inu pokhota kumapeto kwa munda mumaponda buleki ya kumanzere yokha, ndiye yatha." Nanga minda ya tiyiyi ndinaiyala ndine? Jeke palibe. Akuti ali kufakitale. Kufakitale akuti ali kugalaja. Kugalajako ndi kumene ndaima ine!

Lachitatu
Jeke wapezeka, akuchirikiza thanki ya madzi kunyumba kwa akapitawo. A Namakhwa akumanga nati ya buleki ya kumanzere uku akuimba nyimbo, mavesi onse. Kuyesa: tsopano ikuthawira kumanzere. Ndakwiya kwabasi.

Lachinayi
Amanga ya kumanja. Zotsatira zake pamtsetse wopita kufakitale:
dengu la tiyi, lophwanyika;
mayi mwini dengu, m'ngalande;
ine, kutukwanidwa m'Chilomwe mpaka makolo anga.
A Namakhwa akuti, "Tayandikira." Tayandikira kuti, kumanda?

Lachisanu
Akuti tiyambirenso, amasula mbali zonse ziwiri. Kenako mvula. Kenako akufuna magalasi awo, ali pamphumi pawo. Madzulo kumanzere kwatha, sipanala yagwira kale nati ya kumanja, basi munthu akuyang'ana kumwamba. Dzuwa likulowa. "Sabata lakwana, achimwene." Ndikuchonderera, nati imodzi yokha! Akupukuta manja, akukwera njinga, ulendo kwawo ku Chimaliro. Kubwera Lolemba. Dzuwa limeneli sabata yonse silinaoneke, lero lokha latulukira kudzalowa!

Loweruka
Nati ya kumanja ija ndikumanga ndekha. Umakaniko n'chiyani? Nati ndi nati. Ndamanga mpaka sipanala yandisupula chikhatho. Kuyesa sikutheka: telala yadzaza kale njerwa, dizilo ndi wa ulendo umodzi. Ndatumiza uthenga ku Kapichi kuti mawa onse akhale panja, aone.

Lamulungu
Onse ali panja. Apongozi pampando, aneba, ana. Ndikutsetsereka, hutala ikulira. Ndikuponda mabuleki. Thirakitala ikukhotera kumanja ngati yaitanidwa, telala pambuyo, mpaka m'khitchini ya apongozi. Palibe wavulala kupatula khoma, denga ndi nkhuku imodzi.

Apongozi sakukalipa, bola akanakalipa. Akuzungulira telala, akugogoda njerwa ndi chala, kenako akutembenukira kwa mkazi wanga. "Uwauze amuna ako, njerwazi n'zopsa bwino. Zikwanira khitchini."

Ndatula zonse pomwepo. Mphamvu zokwiyira zatha. Mawa ndikaweruka, ndiyamba kukumba maziko a khitchini ya apongozi.