Ndatopa Kubereka Maungu

Kufupi ndi Nsadzo,
Boma la Chifunde,
Nyengo ya maungu, 1985.

Kwa a Kamarada Diretori a sukulu yaikulu ya madotolo, kumzinda uko kumene magetsi amayaka,

Zikomo bwana, ndagwada. Simukundiona koma ndagwada ndithu, pepalali ndatsamiritsa pa mtondo. Ine ndine Silasi, mwana wa malemu a Feliciano. Sukulu ndinasiyira kalasi yachitatu, tsiku limene aphunzitsi anandifunsa kuti ndikadzakula ndidzakhala ndani, ine n'kuyankha kuti wamtali. Ndiye mukaona zilembo zina zagona chammbali, zisiyeni, zatopa ngati mwini wake.

Nkhani yanga ndi ya mlongo wanga Olga. Ali ndi pakati, mwezi wake ndi uno, amuna ake anatengedwa usilikali, ndipo azamba athu a Tabita akuti mwana wagona mopingasa, manja awo okha sangathe. Msewu wa ku Chifunde mumaumva mbiri yake, ngakhale mbuzi zimayendamo monyang'ama kuopa mabomba. Namwino wathu anapita ku Zambia kukagula sopo chaka chatha, mpaka lero akusankhabe. Koma ndisayambe ndi kudandaula ngati munthu wosaleredwa. Ndiyambe ndi kuthokoza.

Choyamba, zikomo chifukwa cha mayi uja munatitumizira. Tinamva mochedwa kuti chinali chidole cha mphira chophunzirira kubereketsa, kuti ana a sukulu anu azilakwitsira pa icho asanalakwitsire pa ife. Nzeru zimenezo! Kungoti munaiwala kutiuza. Koluna, mdipiti wa magalimoto a asilikali, inangofika, galimoto imodzi n'kuima, n'kutsitsa kama wachitsulo ndi bokosi lalitali, woyendetsa n'kukuwa kuti "Za ku posto ya zaumoyo izi!" basi n'kuliyatsa liwiro. Tsono inu bwana, nkhondo ino, bokosi lalitali lotsika m'galimoto ya asilikali tiziti muli chiyani? Mbatata?

Amayi anayamba kulira tisanatsegule n'komwe, aliyense kulirira wake. Kutsegula, tapeza mzimayi wozizira, wopanda tsitsi, maso ali tong'o, mimba uko. Palibe anamudziwa. A Gideoni, akatekisita athu, anati mlendo akafera pamudzi ndi wa mudzi wonse, ndipo anamupatsa dzina loti Generosa. Wina anafunsa kuti nanga bwanji sakununkha? A Gideoni anati oyera mtima sanunkha, wofunsayo adzinunkhize yekha aone mbali imene ali.

Ndiye kwathu kuno mayi akamwalira ali ndi pakati sitimuika ndi mwana m'mimba, kumeneko n'kulaula mudzi. Azamba anatithamangitsa amuna tonse, iwo n'kutsala ndi mpeni. Posakhalitsa a Tabita anatuluka, akuti mpeni sunagwire ntchito, mimba ya malemu ili ndi mabatani ngati jekete. "Akumzinda afika patali anthuni," anatero, "nanga ife timavutikiranji?" Mwana anatuluka bwinobwino, wonenepa, mchombo wake wochita kukoloweka. Tinawaika onse awiri mwaulemu, nyimbo zonse tinaimba, tambala wa a Gideoni anafera pomwepo. Ine ndinalira kwambiri, bwana, mpaka anandipatsa ntchafu.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha ana a sukulu. Anafika ndi koluna yotsatira atavala zoyera mbee, kuti zigawenga za m'tchire zisavutike powafunafuna. A purofesora awo akuti anatsala kumzinda ndi chimfine, chimfine chija chimagwira akuluakulu akangomva dzina la msewu wathu. Wotsogolera gulu ndi mtsikana, a dona Debora. Atafunsa za chidole tinawaperekeza kumanda. Anakhala pansi. Kenako anati fukulani. Adzukulu okumba manda anati munthu wofukula maliro kuno ali ndi dzina lake, ndipo ngati kusukulu kwanu mumaphunzitsa zimenezo, inuyo ndiye mkulu wa gulu louluka. Ndangobwereza mawu awo, bwana, ine sindinavomereze kwambiri.

A dona Debora anapempha mayi mmodzi kuti alowe m'malo mwa chidole. Onse anakana, akuti kuyerekeza kubereka ulibe pakati n'kudzitsekera mimba wekha. Ine ndinaseka. Ndinaseka mpaka kugwa chagada, miyendo m'mwamba, nditagwira mimba. A dona Debora anandiyang'anitsitsa mmene ndagoneramo, n'kunena kuti uyu akwana.

Chachitatu tsono, zikomo pondilemba ntchito musakudziwa. M'mawa uliwonse amandigoneka pa kama uja, kundimanga dzungu pamimba ndi kapulana, chitenje chamaluwa, n'kumati "Kankhani mayi!" Ine ndimakankha. Ndimabuula, ndimatukwana bambo wa mwanayo, ndimalumbira kuti sindidzayambiranso. Mnyamata wina wa magalasi anakomoka tsiku loyamba, ndinachita kudzuka ndi pakati panga kukamukupiza. Wina anagwetsa mwana n'kusweka, tinamuphika ndi nsinjiro. Winanso anandimvetsera pamimba ndi kachitoliro kaja n'kulengeza kuti mtima wa mwana ukugunda mwamphamvu zedi. Inali njala, bwana.

Ndabereka maungu ambiri moti a m'munda mwa a Gideoni akandiona amabisala kumasamba. Atsikana kuchitsime moni wawo ndi wakuti "Mwadzuka bwanji make dzungu, ana ali bwanji?" Amene ndinkamufunsira uja wanditumizira mawu kuti iye sangakwatiwe ndi ntchembere. Koma sindikudandaula ayi. Chibadwire sindinagonepo pofewa chonchi. Ndikachira amandipatsa tiyi wa shuga, akuti mayi abwezere mphamvu. Shuga, bwana! Tinali titamuiwala nkhope.

Chachinayi, apa ndiye ndaomba m'manja mpaka zikhatho zawawa: lamulo lanu. Akuti munalemba nokha ndi dzanja lanu lofewalo kuti kama ameneyu ndi wa chidole basi, munthu asagonepo angamudetse. Akutinso mwana wa sukulu asakhudze wodwala weniweni kufikira a purofesora atamuona akubereketsa chidole n'kumudindira pepala, ndipo wophwanya lamuloli achotsedwa sukulu n'kukanyamula mfuti. Chidole chili kumanda, a purofesora ali ndi chimfine, lamulo lokha ndi limene lili moyo. Ine ndimagonapo chifukwa anagwirizana kuti pa nthawi ya ntchito si ndine munthu. Malume anga akuti iwo anazidziwa kalekale zimenezo.

Tsiku lina Olga anabwera atagwira msana, mapazi atatupa ngati mikate. Anakhala padothi pakhomo la posto, kumaonerera mlongo wake ndikubereka dzungu pofewa, madotolo a mawa atandizungulira, wina akundipukuta thukuta, wina akundiuza kuti ndine mayi wolimba mtima. Anaseka mpaka misozi. Kenako kuseka kunatha, misozi n'kutsala. A dona Debora anatuluka, anaiyang'ana mimba ija manja ataika kumbuyo ngati akukweza mbendera. Ananong'ona kuti m'buku mwawo muli njira yotembenuzira mwana wopingasa, anaiyesapo pa ine ndipo dzungu linatembenuka bwinobwino. Koma akangokhudza mimba yeniyeni, sukulu yathera pompo. Si munthu woipa, bwana, kungoti amakuopani kuposa mabomba.

Ine ndinati tichite chonchi: Olga alowe m'kapulana muja, ine ndikhale kunsi kwa kama ndizibuula, aliyense aziti ndi dzungu. A dona Debora anakana, akuti m'gulu mwawo muli wina amene amakuuzani zonse, ngakhale munthu akayetsemula. Mumupatse moni, mumuuze kuti iyeyo ndi amene anagwetsa mwana uja.

Nali tsono pempho langa, laling'ono ngati nthata. Sindikupempha mankhwala, ndikudziwa kuti nawonso amaopa msewu. Sindikupempha a purofesora, angatsirizike ndi chimfine panjira ife n'kukhala ndi mlandu. Ndikungopempha chidindo chanu. Lembani kapepala koti Olga, mwana wa a Feliciano, si munthu koma chidole cha sukulu yanu, katundu wa boma. Katundu wa boma ndaona mumamusamala: amakwera galimoto, asilikali amamulondera, amagona pa kama, fumbi silimukhudza. Mukatero ana anu amugwira mosaopa. Ine ntchito ndamuphunzitsa kale: kugona chagada, kusaphethira, kusafunsa mafunso. Kubuula akuti ayesetsa kudziletsa. Magazi okha ndi amene wakana kulonjeza.

Kalatayi ndapatsira msilikali wina wopita kumzinda, inzake ndakhoma pachitseko cha posto kuti odziwa kuwerenga awerengere anzawo. Muyankhe pa wailesi ya asilikali, chonde, musadikire koluna, chifukwa ikubwerayo ndi yodzatenga ana anu.

Ndikudziwa muli ndi misonkhano yambiri, ndiye musathamange mungapunthwe. Ine mbali yanga ndayesa. Dzulo ndinakhala pafupi ndi mimba ya Olga, ndinakafotokozera kamwanako mwaulemu wonse kuti kasayerekeze kutuluka kufikira a Kamarada Diretori atadinda. Pepani bwana, mwanayo sakukudziwani. Anandimenya theche.

Ine katundu wanu wokhulupirika,

Silasi Feliciano
Chidole chogwirizira