Tsiku Limene Lufeyo Analozedwa Zala

Senderani kuno, ana inu, mumve. Mwambi uwu chiyambi chake n'chotere.

Ku Mponela kunali telala wina dzina lake Lufeyo Kachingwe. Kusoka ankadziwa ndithu, koma anthu akasaka telala pa intaneti, pamwamba pankatuluka tsamba la Chimtengo, telala wa kutsidya kwa msewu. La Lufeyo linkabisala pansi penipeni, pomwe chala chimafika chitatopa. Nyengo ya maukwati inali itayandikira, ndipo madiresi onse ankawolokera kutsidya.

Tsiku lina anapita kwa Mayi Esinati, amene anamukonzera tsambalo.

"Onani apa, a Kachingwe," anatero mayiwo. "Tsamba lililonse limapatsidwa malikisi, kuyambira 1 mpaka 100. Malikisiwa amalosera ngati tsamba lingatuluke pamwamba anthu akamasaka. La a Chimtengo lili ndi 31. Lanu lili ndi 4."

"Folo? Ngakhale kusukulu sindinatsikepo chonchi! Nditani?"

"Pamafunika kuti ambiri aziloza tsamba lanu. Ndikutanthauza masamba ena a pa..."

Koma Lufeyo anali atatuluka kale, akumwetulira.

Tsiku la msika anaitana kwaya yonse ya kutchalitchi kwawo, alamu ake ndiponso a kabaza asanu. Anakwera pampando kutsogolo kwa shopu, nakweza foni m'mwamba, tsamba lili poyera.

"Lozani! Lozani mwamphamvu! Inu alamu, chala chanu chikugwa!"

Anthu analoza mpaka mikono kuwawa. Munthu wina wa m'minibasi yodutsa anaona khamu likuloza bambo ali pampando thukuta kamukamu. Sanafunse aliyense. Anajambula, nalemba pa intaneti kuti, "Telala wakuba nsalu wagwidwa ku Mponela," n'kuikaponso adiresi ya tsamba yomwe inali pachikwangwani cha shopu. Masamba a miseche anaitola nkhaniyo, lililonse likuika adiresi yoloza ku tsamba la Lufeyo. Kuloza kumene Mayi Esinati ankanena kunali kumeneku.

Patapita milungu ingapo, Mayi Esinati anamuimbira foni.

"Malikisi afika 45. Mwawapitirira a Chimtengo. Koma a Kachingwe, pali vuto..."

Lufeyo anadula foni n'kuyamba kuvina ndi sizasi m'manja.

M'mawa mwake anapeza mzere wautali pakhomo pa shopu. Mtima unangoti myaa.

"Takulandirani! Ukwati uli liti, mayi?"

"Ukwati ulipo, bambo," anayankha mayi woyamba pamzere, "koma ndipatseni nsalu yanga."

"Ndaidula kale!"

"Bweretsani zidutswa zomwezo."

Mmodzimmodzi anatenga zawo n'kuwoloka msewu. Pofika masana, m'shopu munatsala makina, mpando ndi mwini wake.

Zinatengera abusa kufotokoza pa guwa masabata awiri kuti Lufeyo sanabe nsalu, kwaya ikuchitira umboni uku ikuseka, kuti nsalu ziyambe kubwerera. Ndipo mkazi wa Lufeyo, pomupatsa tiyi, anamuuza mawu amene mpaka lero timawanena:

"Wolozedwa ndi ambiri si mfumu yokha, mbava nayonso imalozedwa."