Mapulopela Awiri ndi Ukwati wa Esinati

Lolemba
Ndafika kwathu ku Chileka kuchokera kuntchito ku Kariba. Anzanga oyenda m'maiko a Chitaganya amabwera ndi majekete ndi magalamafoni. Ine ndabwera ndi injini ya boti imene bwana wanga anatopa nayo, ndi mapulopela ake awiri. Loweruka mlongo wanga Esinati akukwatiwa ndi a Fulayisoni a kutsidya kwa Shire. Ndalonjeza pamaso pa ankhoswe kuti akuchimuna awoloka ndi injini, osati ndi nkhafi. Amayi angoyang'ana chitsulocho n'kunena kuti, "Bola mkamwini afike wamoyo."

Lachiwiri
Injini yakwera njinga, ine wapansi kukankha mpaka ku Lirangwe. Kumeneko ndapeza Che Saidi, ogulitsa nsomba zouma, eni boti lamatabwa la ku Matope. Avomera kundibwereka botilo, koma akwera nawo. Ndawafotokozera kuti pulopela wina mapiko ake ndi opindika kwambiri, amaluma madzi ambiri, ndi wa liwiro. Winayo ndi wophwatalala, amaluma pang'onopang'ono, ndi wa katundu. Andifunsa ngati akuchimuna ali liwiro kapena katundu. Ndati tiona mawa.

Lachitatu
Wa liwiro! Tili awiriwiri pa Shire ku Matope, mphuno ya boti m'mwamba, mvuu zikumira ndi mantha. Chisoti cha Che Saidi chauluka, pano chikulowera ku Chikwawa. Amayi ochapa padoko akululutira. Ndasankha basi, ndi yemweyu.

Lachinayi
Uthenga wafika. Owoloka ndi mkwati, amalume ake awiri a mimba zawo, azakhali, oimba, ng'oma, mbuzi ndi chitete cha nkhuku. Tayesa ndi matumba a chimanga. Wa liwiro uja watha mawu: injini ikutsokomola, utsi tolotolo, madzi akutikokera kumunsi. Tasintha. Wa katundu akukoka ndithu, koma injini ikulira ngati nkhumba yomangidwa miyendo, ndipo mayi wina wa bwato watipitirira kwinaku akuyamwitsa mwana. Manyazi amenewa pa ukwati wa mlongo wanga? Ayi.

Lachisanu
Nzeru yandifikira: pakufunika wapakatikati. Ndapita ndi wa katundu kwa a Bizaliyele, okhoma zidebe pa Lirangwe, kuti ampindeko pang'ono. Akhoma ndi mtima wonse. Tsopano phiko lililonse lili ndi maganizo akeake. Che Saidi amutembenuzatembenuza pulopelayo, kenako akaika nkhafi m'boti. Akuti n'zongokhalira.

Loweruka
Onse akwera. Boti likunjenjemera mpaka mano kugundana, koma azakhali akuseka, akuyesa kuti za chizungu zimatero. Pakati penipeni pa mtsinje, phwa! Pulopela wapita pansi. Injini ikungokuwa yokha, boti likuzungulira, mbuzi ikundiyang'ana. M'maganizo ndikuona Esinati ali pakhomo la tchalitchi yekha.
A Fulayisoni avula jekete, apatsa azakhali, atenga nkhafi. "Alamu, musazimitse, anthu adziwe kuti tikubwera." Amalume nawo agwira nkhafi, ng'oma yayamba, nyimbo yagwira boti lonse. Inenso ndikupalasa ndi chivindikiro cha mphika.
Titawoloka, lole ina yatifikitsa ku Chileka dzuwa litapendeka, abusa atayasamula kokwanira. Esinati waona mkwati malaya ali chonyowa ndi thukuta, manja matuza okhaokha, wagwetsa misozi uku akuseka. Akuuza aliyense kuti mwamuna wake wamupalasira Shire. Tavina mpaka miyendo kukana.

Lamulungu
Msana ukuwawa, mawu atha. Ndatsala ndi wa liwiro yekha, wothandiza munthu wopanda abale. Ndimati injiniyi ndiikankhire kuseri kwa nkhokwe, koma azakhali abwera kudzandipempha. Mawa powoloka kubwerera adzapalasa okha, ine ndidzangoiliza, chifukwa kutsidyako anthu ena sanaimve bwino.
Petulo watsalako pang'ono. Ndavomera.