Masamba a Mapeyala Anandidyera Ntchito ya Ulonda

Mpaka lero a Nyirenda sindiwapatsa moni wa pamanja. Timagona nyumba imodzi kuno ku Bellville, kutali ndi kwathu ku Malawi, timapemphera mpingo umodzi, koma dzanja langa sadzaligwiranso. Muweruze nokha (ngakhale ndikudziwa kuti ena muweruza mokondera, Amalawi ndimakudziwani).

Nthawi imeneyo ndinkasenza makatoni pashopu ina yopikulitsa katundu pafupi ndi renki ya maminibasi. Ine, munthu woti ndinakhalako pakoleji chaka ndi theka. Ndiye kunamveka kuti bwana akufuna mlonda wa pakhomo pa shopuyo: ntchito ya yunifolomu, yongoima, yopanda katoni pamutu. Anati adzasankha mmodzi mwa ife amene tinkaphunzira zodziteteza kwa Bra Vuyo, mkulu wina wa ku Nyanga yemwe ankatiphunzitsa m'holo Loweruka lililonse masana, poti matsotsi anali atatikwana. Mosadzitama, pagulu lonselo katswiri ndinali ine.

Tsoka ilo, m'mawa wa tsiku losankhalo a kumpingo anakonza zoti tikapereke magazi. Ndinafuna kuzemba, koma a Nyirenda, omwe ndi mkulu wa mpingo komanso amasamalira maluwa kwa mzungu ku Brackenfell, anandiyang'ana ngati ndaba chopereka.

"Aphwanga, musaope," anatero. "Magazi mukapereka m'mawa, masana abwerera. Mankhwala ake ndili nawo ine."

Tinapita. Anesi anandifunsa za malungo ndi kuti kumudzi ndinapitako liti (funso lopweteka, koma ndinayankha), kenako anandikama thumba lathunthu. Pomaliza anandipatsa juwisi ndi mabisiketi n'kunena pang'onopang'ono ngati akuuza mwana:

"Lero musanyamule zolemera, musathamange, musachite masewera olimbitsa thupi. Mudye, mumwe madzi ambiri, mupume mpaka mawa."

Ndinagwedeza mutu mwaulemu, monga amachitira anthu ophunzira. Mumtima ndinkangowamvera chisoni kuti sukulu yonseyo sanawauze za masamba a mapeyala.

Kunyumba a Nyirenda anatereka mphika wa masamba omwe anathyola pamtengo wa mzungu wawo. Madzi ake anali psuu.

"Mukuona kufiira kwakeko?" anandifunsa. "Amenewa ndi magazi okhaokha. Kwathu ku Rumphi mayi akangochira timam'patsa zomwezi, mawa lake ali kumunda."

Ndinamwa makapu atatu. Chakudya chamasana ndinachikana kuti thupi lipepuke. Kenako ndinavala malaya a mikono yaitali kubisa pulasitala wa pamkono, chifukwa Bra Vuyo asanayambe amafunsa ngati pali wodwala kapena wovulala. Anafunsadi. Ine ndinayang'ana kudenga. Pamenepa ndiye pamene a Nyirenda amati vuto ndi langa, koma tisathamange.

Bwana anakhala pampando kutsogolo, manja atapinda. Tinayamba ndi kuthamanga kuzungulira holo. Ulendo wachitatu ndinaona tinyenyezi masana dzuwa likuswa mtengo. Ndinati ndi mapeyala akulowa m'mitsempha. Tinabwera pa mapushapu. Ndili pakati ndinamva mkono ukunyowa, ndinati ndi thukuta. Thukuta la mbali imodzi, lofunda, koma munthu wa koleji analandira yankho limenelo.

Kenako mayeso enieni. Anandipatsa Blessings, mnyamata wa ku Ntcheu woonda ngati mpini wa tsache, yemwe ndinkamugwetsa sabata iliyonse mpaka ndinkamupepesa. Iye anayenera kundigwira kumbuyo ngati tsotsi, ine n'kumuponya pansi. Anandigwira. Ndinawerama. M'makutu munalira likhweru, simenti inanyamuka kubwera kumaso kwanga, basi.

Ndinatsitsimuka nditagona chagada, miyendo atayikweza pampando wa bwana uja, bwanayo ataimirira. Mkono wa malaya unali magazi okhaokha. Blessings ankalumbira kuti sanandimenye. Nditayesa kudzuka kuti ndifotokoze mwaulemu, makapu atatu aja anabwerera onse, ofiira monga analowera. Mayi wina anayamba kupemphera mokweza, kundipereka m'manja mwa Ambuye ndili maso.

Bra Vuyo anapinda mkono wa malaya n'kuona pulasitala.

"Malawi," anatero (dzina langa sanaligwirepo), "wapereka magazi lero?"

"Pang'ono."

"Pang'ono? Thupi lako likusowa madzi, m'mimba mulibe kanthu, iwe n'kumathamanga? Ukanamenyetsa mutu pasimentipa bwenzi ndikuuza chiyani abale ako? Ndinafunsa pano, unakhala chete. Ukanangonena, ndikanam'pempha bwana tichite sabata yamawa."

Mawu omalizawa ndi amene amandiwawa mpaka lero. Sabata yamawa. Zinali zongotsegula pakamwa.

Bwana sanachuluke zonena. Anati sangalembe mlonda wokomoka wakuba asanafike n'komwe. Anapukuta mpando wake ndi kansalu, n'kuuza Blessings kuti abwere Lolemba adzayese yunifolomu.

Ndinafika kunyumba theka njala, theka ukali. Ndinawafotokozera a Nyirenda zonse, kudikira kuti mkulu wa mpingo apepese. Anamvetsera modekha, akusenda mbatata.

"Munamwa makapu angati?"

"Atatu."

"Ndi pamene munalakwitsa, aphwanga. Munthu wa thupi lanu amafunika asanu."

Kuti sindinawamenye, si chikhristu ayi. Mphamvu ndinalibe.

Magazi ndimaperekabe, sindinakwiyire odwala. Koma masiku ano anesi akati mupume, ndimapuma mwakhama moti ndi tsiku lotsatira lomwe ndimaliphatikiza. Makatoni nawo ndikusenzabe pashopu yomweyo. Madzulo aliwonse poweruka, Blessings amaima pakhomo, yunifolomu ikumukhwepa m'mapewa, n'kunditambasulira dzanja.

"Achimwene, tsegulani chikwama tione."

Ndimatsegula.