Dzina la Apongozi M'munsi mwa Tsamba

Mpaka lero ndikaona rula ya thabwa mtima umandiwawa. Ana anga amayesa ndinakwapulidwa nayo kusukulu. Ayi ndithu. Rula imeneyo sinandikhudze n'komwe, koma mwini wake anandichititsa manyazi pamaso pa apongozi anga, ndipo chikoti chikanakhala bwino.

Zinachitika zaka zimene likulu linkasamuka ku Zomba kubwera kuno ku Lilongwe. Ine ndinali kalaliki wa boma, ndipo ndinafika pa lole imodzi ndi makabati a mafayilo. Kuno n'kumene ndinakwatira Dorika, mwana wa konkuno, n'kupatsidwa kanyumba ku Area 4. Masana ndinkadinda makalata ku City Centre, kumene maofesi anali atangomera pakati pa thengo, ndipo ndikaweruka ndinkawerengera dipuloma ya ku yunivesite kudzera m'makalata. Chinatsala chinali chimodzi basi, pepala la kafukufuku. Likadutsa ndikwezedwa pantchito. Likakanidwa ndibwereza chaka chathunthu, mpando uja n'kutengedwa ndi wina.

Mutu ndinasankha mosavuta: m'mene anthu a m'midzi anasamutsidwira kuti likulu limangidwe. Umboni ndinali nawo m'banja momwe. Mudzi wa kwawo kwa Dorika unali pamalo pomwe pali maofesi athuwo, ndipo amayi ake anali amodzi mwa osamutsidwa. Vuto linali lakuti mkamwini sakhala pamkeka umodzi ndi apongozi aakazi, sawayang'ana kumaso, ndipo dzina lawo salitchula. Choncho ndinalemba mafunso papepala, n'kumutuma Dorika kumudzi watsopano kuja, ine n'kutsala ndikupolisha nsapato. (Ndinkadzitcha wofufuza, inu.)

Anabwera ndi nkhani zogwetsa misozi. Za chitsime chimene chinakwiriridwa ndi thalakitala, za mitengo ya mango imene anaisiya ili ndi maluwa, za chitseko chimene wina anachisenza pamutu ulendo wonse chifukwa pa lole panalibe malo. Ndinalemba zonse, n'kukataipitsa kwa mayi wina wa ku Old Town amene ankagwira ntchito pa holoselo ya Mmwenye. Masamba makumi awiri.

Wondiyang'anira anali a Gondwe, mphunzitsi wa ku yunivesite, munthu wa kumpoto, mkulu wa mpingo, wosaseka. Akabwera kuchokera ku Zomba ankafikira kwa achimwene awo ku Area 10, ndipo ife ophunzira tinkakawapeza komweko, kudikira pageti mlonda akuyamba wamangirira galu. Anatenga pepala langa, osawerenga ngakhale liwu limodzi, n'kutulutsa rula m'thumba la jekete.

"Mpata wa kumanzere uyenera kukhala inchi ndi theka," anatero. "Wanuwu ndi inchi imodzi. Tikamasoka buku, mawu anu adzalowa mu ulusi."

Ndinafuna kuwauza kuti anthu anasiya manda a makolo awo, iwo akudandaula theka la inchi. Ndinameza. Kenako chala chawo chinatsikira m'munsi mwa tsamba, muja timalemba kumene tatenga mfundo, mawu amene iwo ankawatcha futinoti. Ine ndinali nditalemba kuti: Apongozi anga.

"Apongozi a ndani, bambo? Wowerenga wa ku Zomba akuwadziwa apongozi anu? Dzina, malo, tsiku limene munacheza nawo. Mfundo yopanda mwini ndi mphekesera."

Ndinabwerera ku Old Town wapansi, fumbi lofiira mpaka m'maondo, ndikutukwana njira yonse. Mayi uja anataipanso masamba onse makumi awiri chifukwa cha theka la inchi. M'munsimo ndinalembetsa kuti: A Nambewe. Umu ndi m'mene ndinkamvera anthu akuwaitanira.

Mwezi wotsatira a Gondwe anayeza mpata, n'kugwedeza mutu kuvomereza. Mtima unakhala pansi pang'ono. Kenako anavula magalasi.

"Nambewe ndi mfunda. Pitani pa msika pano mukuwe kuti a Nambewe, muona amayi angati atembenuke. Dzina lawo lenileni ndani?"

Apa ndi pamene ndinazindikira kuti sindikulidziwa. Zaka zitatu m'banja, nkhuku zawo ndadya, koma dzina ayi. M'malo movomera, ndinakwiya.

"A Gondwe, kwathu kuno dzina la apongozi sititchula."

"Kwathunso sititchula. Koma sindinati mutchule, ndati mulembe. Munacheza nawo nokha, eti?"

"Ndekha, maso ndi maso," ndinatero. (Bodza limeneli linatuluka lokha, litavala kale tayi.)

"Zabwino. Nkhanizi ndaziwerenga, ndi zamtengo wapatali. Loweruka ndibwereka galimoto ya achimwene, mukandionetse mayi ameneyu ndikamuthokoze, dzinalo tikalembere komweko."

Nditafika kunyumba ndinamupeza Dorika akusita. Ndinamufunsa dzina la amayi ake, iye n'kuyamba kupemerera makala a mu simbi ngati sanamve. Ndinafunsanso mokweza mawu. Anati, "Bambo a Tiyamike, zimenezo mukafunse eni ake." Ndinalalata kuti dipuloma yanga ifera m'nyumba mwanga momwe, kuti anthu osaphunzira sadziwa kufunika kwa pepala. Mawu amenewo ndinawayankhula ine, ndi pakamwa pangapa, kwa munthu amene ankandisitira malaya.

Loweruka tinanyamuka atatu. Titafika, apongozi anali pakhonde akusola chimanga. Miyendo yanga inachita zimene inazolowera. Ndinapatuka, n'kukanjuta kuseri kwa nkhokwe, nkhope kumbali. A Gondwe anaima pakati pa bwalo, kope m'manja, akundiyang'ana.

"Maso ndi maso muja ndi amenewa?" anafunsa.

Dorika anawayalira mkeka, iwo n'kupereka moni mwaulemu wonse, kenako anathokoza apongozi chifukwa cha nkhani zimene anafotokoza.

"Nkhani ziti?" anatero apongozi, akufunsa mwana wawo. "Za pepala lija unabwera nalo? Suja ndinakuuza kuti ubwerere nalo? Ine sindinayankhepo kanthu."

A Gondwe anatsokomola, n'kupempha kuti mwina angolemba dzina lokha.

"Pepani bambo," anatero apongozi. "Kunabwera anthu ovala ngati inu, ndi kope ngati lomwelo, aulemu ngati inu nomwe. Anandifunsa dzina, ndinawapatsa, analemba. Mvula isanagwe, nyumba yanga inali pansi. Dzina langa linalowa m'kope kamodzi, ndipo kamodziko kakwana."

Ine ukali unandikwera mpaka ndinaiwala mwambo. Ndinadzuka n'kukuwa ndili kuseri kwa nkhokwe komweko, "Nanga zonse zija, Dorika, unazipeka? Wandipha!"

Dorika sanakweze mawu. "Sindinapeke. Chitsime chija ndinkatungako ine. Mango aja anabzala ndi bambo anga. Chitseko chija ndinasenza ndine, ndi icho mukuchiona apocho. Zaka zitatu mumadzuka m'mawa kukagwira ntchito pamunda pathu, munandifunsapo tsiku limodzi? Munandipatsa pepala ngati mesenjala. Ndinayankha ndili m'basi."

Ndinayang'ana chitsekocho. Chinali chachifupi kuposa khomo lake, m'munsi atatsekamo ndi njerwa. Ndinali nditachiona kambirimbiri osafunsa.

A Gondwe anatseka kope lawo. Ndinadziwa kuti chaka chapita, mpando wapita. M'galimoto pobwerera, titafika pa mlatho wa ku Old Town, anayankhula ndi Dorika, osati ine.

"Mayi, mungalole kuti dzina lanu lilembedwe?"

"Langa lembani. Ndilibe nyumba yoti agwetse, timakhala ya boma."

Kenako anatembenukira kwa ine. "Umboni ndi woona, koma munanama za mwini wake. Mukonze futinoti iliyonse. Dzina la bambo awo poyamba, kenako lawo, malo, tsiku. Ndipo mucheze nawo bwinobwino, mutakhala pansi, inu mukulemba. Za bodza lija ndichotsa malikisi, muthokoze kuti sindikuchotsani inuyo."

Ndinakhala pansi Lamulungu masana, kope pabondo, kufunsa mkazi wanga mafunso ngati mwana wa sukulu. Anandiuza zambiri kuposa zoyamba zija, ndipo pena ankandiimitsa kuti, "Mwalemba molakwika, fufutani." Mayi wa ku holoselo anataipa kachitatu, akuseka osabisa. Phiri, Dorika. Phiri, Dorika. Tsamba lililonse m'munsi, Phiri, Dorika. Dzina langa linali pachikuto pokha, kamodzi.

Ndinakhoza, ndi malikisi ongokwanira kuwolokera. Pantchito anandikweza. A Gondwe sindinawakhululukire, ndipo musandiuze kuti ankanena zoona, chifukwa ndikudziwa, n'chifukwa chake ndimakwiya. Munthu wolakwa umatha kumukhululukira. Koma munthu wa rula amene wakugwira uli kuseri kwa nkhokwe, ameneyo umangomusunga mumtima.

Apongozi anakhala zaka zambiri pambuyo pake, ndipo sindinayesenso kufunsa. Dzina lawo ndinaliona koyamba tsiku la maliro awo, litalembedwa ndi penti yoyera pamtanda. Ndinaima n'kuliwerenga kawiri chamumtima. Dorika anandigwira mkono, maso ali ofiira.

"Ndi limenelo," anatero. "Lembani tsopano. Apa sangawasamutsenso."

Cholembera chinali m'thumba la jekete, monga mwa masiku onse. Sindinachitulutse.