Nkhuku zanga zinathera alendo

Mukadzamva munthu wa ku Milepa akunena kuti ana a ku yunivesite amabwerako ndi tayi basi, musamutsutse. Mwina anadyako nkhuku zanga.

Kusukuluko aphunzitsi a zamalonda ankatiuza kuti, "Musakafune ntchito, mukalembe anzanu ntchito." Mawuwo anandilowa mpaka m'mafupa. Nditabwerera kumudzi ndinawauza amayi kuti ndiweta nkhuku zachizungu, ndipo pofika Khirisimasi anyamata adzakhala akunditchula kuti bwana.

Tinaphunziranso kuti usanayambe malonda uziyamba wafunsa anthu ngati adzagule. Ndiye ndinayenda khomo ndi khomo, tayi ili pakhosi (dzuwa la Okutobala, tangoganizani).

"Kodi nkhuku zikakula mudzagula?"

"Iii, ee! Tilekerenji, mwana wathu?"

Palibe anakana. (Ndinali nditaiwala kuti kwathu munthu sakukanira pamaso, amadikira utembenuke.) Mwachimwemwe aliyense ndinkamutsanzika kuti, "Mudzabwere mudzazione!"

Amayi anagulitsa mbuzi yawo imodzi yokhayo, imene ankasunga kuti adzagulire feteleza, n'kundipatsa ndalama za anapiye ndi chakudya chawo.

Nkhuku zitanenepa, anthu anabweradi. Anayamba ndi malume anga. Ndikuwafotokozera mtengo wa nkhuku kuseri kwa nyumba, ndinangomva kwee! kukhitchini. Kuthamangirako, ndinapeza amayi akusosola nthenga.

"Amayi, imeneyo ndi yamalonda!"

"Wawaitana wekha amalume akowa," anatero osadzutsa n'komwe mutu. "Adye nkhwani nkhuku zili mbwee pakhomo? Ukufuna mudzi utiseke?"

Mbiri inawanda. Kunabwera amayi a kwaya, kunabwera azakhali ochokera ku Mpama ndi adzukulu awo, kunabweranso munthu wina amene mpaka lero sindidziwa kuti ndi ndani. Onse ankangoti, "Tabwera kudzaziona." Akakhuta ankandigwira dzanja n'kunditamanda kuti sukulu ndi yabwino. Ndinayesa kutseka khola ndi loko, koma amayi analira kuti digiri yandisandutsa womana, ndipo ndinatsekula ndekha. Amati mlendo ndi mame, koma mame athuwa sankakamuka ngakhale masana.

Yomaliza tinaphera akatekisiti amene anabwera kudzapempherera bizinesi.

Feteleza sanagulidwe. Chimanga cha amayi chinafika m'mawondo, n'kuchita chikasu, n'kuima pomwepo. Amayi sanandidzudzulepo, ndipo chimenecho ndiye chimandipweteka kwambiri. Ndikawaona akupita kukagwira ganyu m'munda wa malume omwe aja, ndimalowa m'nyumba.

Masiku ano ndimakwera minibasi kupita ku Limbe, envulopu m'khwapa, kukafuna ntchito imene anandiuza kuti ndisafune. Sabata yatha bwana wina anandimwetulira n'kunena kuti, "Ee, ee, tikuimbirani foni, tilekerenji?"

Ndinathokoza mwaulemu, koma "ee" ameneyo ndinamudziwa. Ndi yemwe uja anatidyera mbuzi.